Nsonga Zokha

Waya uja tinamusolola m'mimba mwa fani yakufa
yomwe tinagula motchipa ku Taifa,
wofiirira, wonyezimira, woonda ngati ulusi wa telala.
Ine ndinkayesa ali maliseche.
Bambo anaseka mpaka kutsokomola:
"Wavala ameneyo, Tiyezge.
Kungoti malaya ake saoneka."

Zinali zoona, mtovu unamukana.
Unasungunuka pansonga ya chowotcherera,
n'kubulungika, n'kutsetsereka,
n'kugwera pasimenti osamupatsa moni.

Kale ntchitoyi inali yawo.
Zaka makumi atatu akukonza mawayilesi a kubwalo la ndege,
koma lero supuni imalira m'kapu
iwo asanayambe kutakasa.
Choncho lezala ndagwira ine,
iwo ali pampando wansungwi, bulangete m'mawondo,
maso okha ndiwo akugwira ntchito.

Kunja Mzuzu ali m'chizolowezi chake:
mawawa osadziwika chiyambi,
chifunga chatsika ku Kaning'ina
n'kumeza nyumba za ku Chiputula imodziimodzi.
Wakabaza wina akudutsa ataphimba mutu ndi jumbo.

Pala, tembenuza. Pala, tembenuza.
Vanishi akugwa ngati mfundi za tsabola pa nyuzi.
"Goneka lezala, usaimike.
Ukumumeta, sukumupha."
Sindinamve bwino, kapena dzanja silinamve.
Thyo!
Nsonga yatsala pakati pa zala zanga,
ndipo koyilo ya mizere makumi anayi
yomwe ndinakulunga papaipi dzulo lonse
yaperewera ndi chikhadabo chimodzi.

Sanakalipe. Anangoti, "Kulunganso,"
monga munthu wopempha mchere.

Tinayesa moto wa machesi:
waya anada bii, ndinamupukuta ndi sandipepa wotha mano.
Tinayesa piritsi la asipirini,
nzeru ya malemu a Mughogho a ku Luwinga:
kugoneka waya papiritsi, kupsinja ndi chitsulo chamoto.
Utsi wake unandibaya m'mphuno,
ndinathawira pakhonde misozi ili chuchuchu,
amayi ali kukhitchini kufunsa ngati tayamba kuphika mankhwala.

Magetsi anathima cha m'ma folo.
Tinaika chitsulo pambaula, pambali pa mbatata.

Nditatopa ndinati, bwanji tingomupala yense
tithane nazo?
Bambo anagwedeza mutu.
"Taona mmene agonera mizereyo, phewa ndi phewa.
Ukawavula onse akhudzana,
mawu adutsa chidule, wayilesi ikhala duu.
Chovalacho n'chimene chikuwalola kuyandikana.
Timavula nsonga zokha,
pamene pakufunika kugwirana."

Sindinayankhe.
Ndinaganiza za ife awiri m'nyumba muno
chichokereni achimwene ku Joni,
mmene timalankhulira za makala, za lendi, za batire,
osatchula dzina lija.

Ulendo wachitatu mkuwa unatuluka
wowala ngati tambala yatsopano,
ndipo mtovu unaukumbatira wokha,
kuyenderera mpaka pomwe lezala linalekezera,
osapitirira.

Usiku tinalumikiza ku batire ya galimoto.
Eriyo tinaimangirira kale kumtengo wa paini,
ikudontha madzi mumdima.
Poyamba phokoso lokha, ngati mvula padenga lamalata,
kenaka likhweru lokwera ndi kutsika,
kenaka, pansi pa zonsezo, munthu.
Mwamuna wina kutali, m'chilankhulo chosweka ndi mphepo,
akuitana aliyense amene angamve.

Bambo anatola maikolofoni ndi manja awiri
kuti isagwedezeke,
n'kutchula zilembo zawo pang'onopang'ono,
n'kunena kuti kuno n'ku Mzuzu, kukuzizira.
Uja anati abwereze. Anabwereza.

Atatha anakhala chete nthawi yaitali,
kenaka anandifunsa, osandiyang'ana,
ngati nambala ya Vinjeru ndikadali nayo.

Chala changa chachikulu chili ndi timizere titatu ta lezala.
Timawawa ndikamachapa.
Patebulo patsala waya wokwana koyilo ina,
sindinamukhudze, akadali m'malaya ake.